Nkhono ya m'botolo: chiweto cha mwana kapena gwero la likodzo?

Ngati mumakhala m'mbali mwa nyanja, kaya ndi ku Makawa, ku Nkope, ku Monkey Bay, ku Chembe kapena kutsidya ku Malindi ndi ku Makanjira, mukudziwa kuti mwana akapita kunyanja sabwerako chimanjamanja. Lero wabwera ndi zigoba m'thumba la kabudula, mawa tinsomba tiwiri m'botolo, mkuja nkhono zamoyo m'kachitini, ati akufuna aziwete. Masiku ano palinso china chokopa. Pa foni ana akuona matanki agalasi a anthu akunja, odzaza ndi nsomba zamawangamawanga ndi zolengedwa zina zochititsa kaso, ndiye nawonso akufuna zawo.

Chidwi chotere n'chabwino, ndipo sayansi imayambira pomwepo. Koma musanavomere kapena kukana, dzifunseni mafunso awiri. Kodi cholengedwachi chimadya chiyani? Nanga chimatulutsa chiyani m'madzi amene chasungidwamo? Funso loyamba likuteteza cholengedwacho. Lachiwiri likuteteza mwana wanu.

Nkhono yofiira imene imafa ndi njala m'madzi oyera

Chimodzi mwa zolengedwa zimene zimaoneka kawirikawiri m'matanki akunjawa ndi nkhono ya zigoba ziwiri yotchedwa flame scallop, imene akatswiri amaitcha Ctenoides scaber. Kwawo ndi kunyanja ya mchere ya Caribbean. Kukula kwake sikuposa chikhatho cha mwana. Zigoba zake n'zoyererako, koma ikayasamula m'kati mwake mumakhala mofiira psuu, ndipo m'mphepete mumatuluka tizingwe tatitali tomwe timagwedera ngati malawi a moto. Imakonda kubisala m'ming'alu ya miyala n'kudzimangirira ndi tiulusi tomwe imapanga yokha. Ikaopsezedwa imadula tiulusito n'kuthawa poomba zigoba zake ngati munthu woomba m'manja.

Nkhonoyi ilibe mano, sisaka, komanso siyenda kukafuna chakudya. Imakoka madzi n'kuwadutsitsa pa ziwalo zake zopumira, zomwe zimagwira ntchito ngati sefa ya ufa. Pamenepo pamatsalira tizomera ndi tizilombo tosaoneka ndi maso toyandama m'madzi, ndipo ichi ndicho chakudya chake. Kunyanja, mafunde amaibweretsera chakudyachi usana ndi usiku. M'thanki mulibe mafunde otere. Mwini thanki amaikamonso makina osefa kuti madzi azioneka mbee, ndipo makinawo amachotsa chakudya chomwecho chimene nkhonoyo ikudikira.

Amene amayesa kuiweta amagula tizomera tosaoneka ndi maso tija m'mabotolo, amazimitsa kaye makina osefa, n'kuthira pang'onopang'ono chakumtunda kwa nkhonoyo kuti madzi aifikitsire, ndipo amachita zimenezi pafupifupi tsiku lililonse. Akathira zochepa, nkhono imaonda. Akathira zambiri, zotsala zimaola n'kuononga madzi. Choipa china n'chakuti njala yake siioneka msanga, chifukwa chigoba sichiphwa ngati mmene imaondera mbuzi. Mwini wake amadzazindikira tizingwe tija titafota, nkhonoyo itangoyasamula osatsekanso ikakhudzidwa. N'chifukwa chake zambiri zimafa pakangopita miyezi yochepa, ngakhale m'manja mwa anthu odziwa.

Kuno kwathu palinso vuto la madzi. Lita imodzi ya madzi a m'nyanja zikuluzikulu imakhala ndi mchere pafupifupi magalamu 35, ndipo si mchere wa m'ndiwo wokha, mulinso michere ina monga kashiamu ndi maginiziyamu. Madzi a Nyanja ya Malawi si amchere, ndipo kuthiramo mchere wa pa grosale sikuwasandutsa madzi a ku Caribbean. Mwana akakupemphani nkhono yofiirayi, yankho ndi losavuta: ayi, chifukwa sitingathe kuidyetsa.

Nafenso tili nazo za zigoba ziwiri

Simufunika kupita kutali kuti muone cholengedwa chodya mwanjira imeneyi. Mumchenga ndi m'matope a pansi pa Nyanja ya Malawi, ya Malombe ndi mtsinje wa Shire muli nkhono za zigoba ziwiri, zija zimene ana amatola zigoba zake zonyezimira m'kati mphepo ya mwera ikazikankhira kumtunda. Zina, monga ya mtundu wa Nyassunio, zinatengera dzina ku nyanja yathu yomweyi. Nazonso zimasefa madzi, ndipo potero zimathandiza kuwayeretsa. Ana a zambiri mwa nkhonozi amayamba moyo atakakamira pa thupi la nsomba, kenako amagwa pansi n'kumakula paokha.

Nkhono za zigoba ziwirizi sizifalitsa likodzo. Koma mukaziika m'ndowa, zimasefa chakudya chonse chili m'madzimo m'kanthawi kochepa, kenako n'kuyamba kufa ndi njala. Nyenyeswa za nsima kapena madeya sizingathandize chifukwa n'zazikulu kwambiri kwa izo, zimangoola. Imodzi ikafa, madzi onse amanunkha ndipo china chilichonse chamoyo m'ndowamo chimafa. Zigoba zopanda kanthu mwana atha kusunga mutaziwiritsa. Zamoyo zisiyeni kunyanja.

Yosavuta kuweta ndiyo yoopsa

Nkhono za chigoba chimodzi n'zosiyana kwambiri. Izi zili ndi kalilime kokhakhala komwe zimapalira ndere pa miyala, pa bango ndi pa masamba oola. M'botolo zimakhala bwinobwino ndi katsamba kamodzi ka ndiwo, zimaikira mazira, ndipo pakapita masabata angapo mwana amasangalala kuti ziweto zake zaswana. Vuto lagona pomwepa, chifukwa m'gulu limeneli ndi mmene muli nkhono zofalitsa likodzo.

Likodzo limayamba ndi tinyongolotsi tomwe timakhala m'mitsempha ya magazi ya munthu. Dokotala wa ku Germany, Theodor Bilharz, ndiye anatiiona koyamba mumzinda wa Cairo m'chaka cha 1851, ndipo mu 1915 Robert Leiper anatsimikiza ku Egypt komweko kuti tisanalowe mwa munthu timayamba tadutsa mwa nkhono. Ulendo wake umayenda motere. Munthu wodwala akakodza kapena kuchita chimbudzi m'madzi kapena pafupi ndi madzi, mazira a nyongolotsi amaswa. Kachilombo kotuluka m'dziramo kamakhala ndi maola ochepa chabe oti kapeze nkhono yoyenera, apo ayi kamafa. Kakalowa mwa nkhono kamachulukana kwa masabata anayi mpaka asanu ndi limodzi. Zikatero nkhonoyo imayamba kutulutsa tizilombo tina ta michira yamphanda, mazanamazana pa tsiku, kwa masabata ambiri. Timeneti timasambira, ndipo tikakhudza khungu la munthu timaboola n'kulowa m'mphindi zochepa, ngakhale pakhungupo palibe bala.

Tsono tamverani mmene akatswiri amadziwira ngati nkhono ili ndi tizilomboti. Amaiika m'kabotolo ka madzi oyera n'kuiika poyera pamene pali kuwala kwa maola angapo. Kuwala ndi kutentha kumachititsa kuti tizilombo tituluke, makamaka dzuwa likakhala paliwombo. Akatswiriwo amavala magolovesi ndipo amagwira nkhono ndi kapani. Mwana amene waika nkhono zake m'botolo pakhonde, padzuwa, akuchita zomwezo, koma iye amapisamo dzanja lopanda kanthu.

Si nkhono iliyonse imene ili ndi tizilombo, ndipo nthawi zambiri zimene zili nato zimakhala zochepa pa gulu. Koma imodzi yokha ndi yokwanira, ndipo simungaizindikire poiyang'ana. Kunyanja tizilomboti timamwazikana m'madzi ambiri, pomwe m'botolo tonse timaunjikana m'madzi osakwana lita. N'zoona kuti ambiri amatenga likodzo posamba, pochapa, potsuka mbale ndi pokoka makoka kunyanja. Chimene botolo limachita n'kubweretsa chiopsezocho pakhomo, kwa kamwana kokwawa ndi kwa agogo amene kunyanja sapitako n'komwe.

Zimene zachitika m'gombe lathu

Kale anthu ankakhulupirira kuti likodzo lili m'madambo, m'mitsinje ndi m'malo a bango mokha, ndipo kuti magombe a mchenga a Nyanja ya Malawi alibe vuto. Maganizowa anayamba kusintha m'zaka za m'ma 1980. Mu 1992, anthu awiri a ku America ogwira ntchito mongodzipereka m'bungwe la Peace Corps anadwala likodzo lofika mu ubongo ndi mumsana atasambira ku Cape Maclear, ndipo nkhaniyi inachititsa kuti akatswiri ayang'anitsitse derali.

Kafukufuku wa Jay Stauffer wa ku Penn State University ku America ndi Henry Madsen wa ku Denmark, pamodzi ndi anzawo a kuno, anaonetsa kuti kupatula nkhono yodziwika kale ya Bulinus globosus, yomwe imakonda m'maudzu ndi m'bango, palinso ina yotchedwa Bulinus nyassanus. Iyi imapezeka m'nyanja yathu yokha, imakhala mumchenga weniweni, ndipo nayonso imafalitsa likodzo la m'chikhodzodzo. Akatswiriwa anaonanso kuti nkhonozi zinachuluka pamene nsomba zodya nkhono zinachepa. Imodzi mwa nsombazi ndi Trematocranus placodon, yomwe ili ndi mano ophwanyira zigoba kukhosi kwake. Makoka a maso ang'onoang'ono ndi maneti a udzudzu akamakokolola tinsomba m'mphepete mwa nyanja, amachotsanso alonda amenewa.

Mu Novembala 2017, akatswiri a ku Liverpool School of Tropical Medicine ndi anzawo a m'dziko muno anapeza nkhono ya mtundu wina, Biomphalaria pfeifferi, m'gombe la boma la Mangochi. Iyi imafalitsa likodzo la m'matumbo, lomwe kale silinkadziwika kuti limafala m'derali. Chaka chotsatira anayeza ana 175 a m'sukulu zitatu zapulayimale, ndipo pafupifupi mwana mmodzi mwa atatu aliwonse anapezeka ndi likodzo la m'matumbolo. Choncho gombe lathu tsopano lili ndi mitundu yonse iwiri ya matendawa.

Kodi mungazizindikire?

Pali zizindikiro zingapo zothandiza. Nkhono za Bulinus n'zazing'ono, zambiri ngati njere ya nyemba kapena ya nzama, ndipo chigoba chake n'chopyapyala. Mukaimika chigoba nsonga ili m'mwamba, kukamwa kutayang'ana kwa inu, kukamwako kumakhala kumanzere. Biomphalaria ndi yaphwatalala, yozungulira ngati batani la malaya kapena nkhata yaing'ono. Zonse ziwirizi zilibe kachitseko kotsekera kukamwa kwa chigoba. Nkhono zikuluzikulu za Lanistes, zomwe zigoba zake zopanda kanthu zimasanduka nyumba za tinsomba tina, komanso zazitali zosongoka za Melanoides, zili ndi kachitseko ndipo sizifalitsa likodzo la anthu.

Komabe musapatse mwana ntchito yosankha. Nkhono zikakhala zazing'ono zimafanana kwambiri, ndipo pofuna kuziona bwino ayenera kuzigwira ndi kulowa m'madzi momwe zili. Lamulo la pakhomo likhale limodzi: nkhono yamoyo ya kunyanja, kumtsinje, kudambo kapena kungalande isalowe pakhomo.

Ngati yalowa kale, musapise dzanja. Thirani madzi owira m'botolomo, dikirani azizire, kenako katayeni m'dzenje pamalo ouma. Musakathire m'ngalande ya sikimu, m'damu la nsomba kapena pafupi ndi chitsime. Nkhono zamtunduwu zili ndi ziwalo zachimuna ndi zachikazi pamodzi, moti imodzi yokha itha kuyambitsa mtundu pamalo pomwe panalibe.

Ngati mwana akufunitsitsa kuweta za m'madzi

Mutha kumulola kuweta nsomba, chifukwa nsomba sizifalitsa likodzo. Nyanja yathu ili ndi mitundu ya nsomba yochuluka kuposa nyanja ina iliyonse yopanda mchere pa dziko lapansi, ndipo mbuna zathu zimawetedwa m'matanki ku Ulaya, ku America ndi ku Asia. Koma kumbukirani kuti dera la Cape Maclear ndi zilumba zake ndi malo otetezedwa a Lake Malawi National Park, omwe anakhazikitsidwa mu 1980 ndipo bungwe la UNESCO linawaika pa mndandanda wa malo ofunika pa dziko lonse mu 1984. Kugwira nsomba m'madzi otetezedwawo n'kulakwira lamulo. Mbuna zimakondanso ndewu, zimafuna thanki yaikulu, miyala yobisalamo ndi pampu ya mpweya yoyaka usana ndi usiku, zomwe n'zovuta magetsi akamazimazima. Pakhomo wamba, tiana tiwiri kapena titatu ta makumba tochokera kwa mlimi wa nsomba n'tosavuta. Alangizi a zausodzi atha kukuuzani kokapeza.

Tsatirani izi:

Chidebe chikhale chachikulu ndi chotambalala kukamwa, osati botolo. Mpweya umalowa m'madzi kudzera pamwamba, ndiye botolo la kukamwa kochepa limabanikitsa nsomba. Mukaona nsomba zikuyasamula pamwamba pa madzi, dziwani kuti mpweya wachepa.

Madzi akhale a pamjigo. Ngati ndi a pampopi, asiyeni masiku awiri osavindikira kwambiri kuti klorini auluke, ndipo musathiremo WaterGuard chifukwa amapha nsomba. Ngati mulibe kuchitira mwina koma madzi a kunyanja, asefeni ndi nsalu n'kuwasunga masiku atatu musanawagwiritse ntchito. Tizilombo ta likodzo tikasowa munthu timafa pakatha masiku awiri, ndiye tsiku lachitatulo n'longotsimikizira.

Musaikemo udzu wa m'madzi kapena namasupuni. Kunsi kwa masamba ake kumakhala tinkhono ndi mazira ake, ooneka ngati kadontho konanda. Miyala ndi mchenga wa kunyanja muyambe mwawiritsa.

Dyetsani pang'ono, kamodzi kapena kawiri pa tsiku, chakudya choti chithe m'mphindi ziwiri. Madeya osefa ndi masamba ofewa odulidwa tizidutswa n'zokwanira kwa makumba. Nsomba zambiri zoweta zimafa ndi chakudya chochuluka osati njala, chifukwa zotsala zikaola zimatulutsa poizoni wotchedwa amoniya. Sabata iliyonse chotsani gawo limodzi mwa magawo anayi a madzi n'kuthiramo atsopano.

Ikani chidebe pamthunzi ndipo muvindikire ndi waya wa sefa womangidwa bwino. Musavindikire ndi neti ya udzudzu yonyikidwa m'mankhwala, chifukwa mankhwala ake ndi poizoni kwa nsomba. Chivindikirocho chimaletsa udzudzu kuikira mazira, komanso chimateteza kamwana kongoyamba kuyenda, komwe katha kugwera chamutu n'kumira ngakhale m'madzi ochepa a m'ndowa.

Akamaliza kusamalira nsomba, mwana asambe m'manja ndi sopo. Ngati ali ndi bala pa dzanja, asapise m'madzimo mpaka litapola. Nsomba zikakula, kapena mwana akatopa nazo, zibwezeni kwa mlimi kapena zidyeni, osati kukazitaya kunyanja.

Zizindikiro zoti mupite naye kuchipatala

Ena amamva kuyabwa ndi kutuluka totupatupa pamalo pomwe tizilombo talowera, koma ambiri samva kanthu. Pakapita masabata angapo mwana atha kutentha thupi, kutsokomola ndi kumva m'mimba, zomwe zimasokonezeka ndi malungo. Chizindikiro chodziwika cha likodzo la m'chikhodzodzo ndi magazi otuluka kumapeto kwa mkodzo, nthawi zina ndi ululu pokodza. La m'matumbo limabweretsa kupweteka m'mimba, kutsegula m'mimba ndi magazi m'chimbudzi. Onse awiri amachepetsa magazi, amafooketsa mwana ndipo amamubweza m'mbuyo m'kalasi.

Kukodza magazi si chizindikiro chakuti mnyamata wakula, ndi matenda. Kwa atsikana ndi amayi, mazira a nyongolotsi atha kukhazikika m'njira ya chiberekero n'kuyambitsa kuyabwa, chikazi chachilendo, kupweteka m'chinena ndi kutaya magazi, zomwe anthu amaziyesa matenda opatsirana pogonana n'kumunamizira mwana wosalakwa. Kwa abambo, makamaka asodzi, magazi atha kuoneka mu umuna. Likodzo likakhalitsa limaononga impso ndi chiwindi, limatupitsa kapamba, ndipo litha kuyambitsa khansa ya chikhodzodzo.

Kuchipatala timayeza mkodzo kapena chimbudzi. Mkodzo wabwino kuyeza ndi wa pakati pa 10 koloko m'mawa ndi 2 koloko masana, nthawi yomwe mazira amatuluka ambiri. Mankhwala ake ndi praziquantel, ndipo mlingo wake ndi mamiligalamu 40 pa kilogalamu iliyonse ya kulemera kwa munthu. Pogawa m'sukulu, azaumoyo amayeza kutalika kwa mwana pa ndodo kuti adziwe chiwerengero cha mapiritsi. Mwana ayambe wadya asanamwe, chifukwa pamimba yopanda kanthu mankhwalawa amachititsa nseru ndi chizungulire. Dziwaninso kuti praziquantel amapha nyongolotsi zokhwima, osati zazing'ono. Kumwa mankhwala tsiku lotsatira mwana atasewera ndi nkhono sikuthandiza. Fotokozerani azaumoyo tsiku limene zinachitika, ndipo adzakuuzani nthawi yobwera, kawirikawiri pakatha miyezi iwiri kapena itatu, kapena msanga ngati wayamba kudwala. Mankhwalawa si katemera, munthu akabwerera m'madzi omwewo atha kutenganso.

Mu 2022 bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO linalangiza kuti m'madera momwe anthu 10 kapena kuposerapo pa 100 aliwonse ali ndi likodzo, mankhwala aziperekedwa chaka chilichonse kwa aliyense kuyambira zaka ziwiri, kuphatikizapo amayi oyamwitsa ndi oyembekezera amene apitirira miyezi itatu yoyambirira. Choncho mwana amene sanayambe sukulu musamuiwale. Akakhala ndi zizindikiro, pitani naye kuchipatala chapafupi m'malo modikira tsiku logawa mankhwala kusukulu.

Kwa inu mavolontiya a zaumoyo

Mukamayendera makomo kuona zimbudzi, mipondagiya ndi maneti, yang'ananinso pakhonde ndi kuseri kwa nyumba. Botolo kapena beseni la mwana lokhala ndi nkhono ndi mwayi wophunzitsa banja lonse. Musamukalipire mwanayo. Mufunseni kumene anazitola, chifukwa yankho lake likuuzani doko kapena dambo lomwe lili ndi nkhono, ndipo uthengawo ndi wofunika kwa mlangizi wa zaumoyo wa dera lanu. Mufunsenso amene amasewera nawo, ndi ngati wina mwa iwo akukodza magazi.

Akumbutseni makolo kuti nkhono siibadwa ndi likodzo, imachita kupatsidwa ndi munthu. Mudzi umene aliyense amakodza ndi kudzithandiza m'chimbudzi, kuphatikizapo asodzi padoko ndi ana posambira, nkhono zake zimakhala zopanda tizilombo. Kambiranani ndi komiti ya padoko za kumanga chimbudzi pafupi ndi pokocheza mabwato, ndi za kuletsa maneti a udzudzu pa usodzi kuti nsomba zodya nkhono zibwerere m'mphepete.

Ndipo mwana wachidwi uja musamutaye. Mupatseni zigoba zowiritsa kuti azisanje m'magulu: za zigoba ziwiri uku, zotsegukira kumanzere uku, zaphwatalala uko. Akadziwa kuzisiyanitsa pamphasa, adzakhala woyamba kuchenjeza anzake akaziona m'madzi.